Kodi m'thumba la chakudya cha mphaka wanu muli chiyani? Mafunso ndi mayankho

Kumudzi mphaka amadzisakira yekha: makoswe a m'nkhokwe, mbewa, abuluzi, ziwala, kuphatikizapo mitu ya usipa imene ana amamuponyera pa nthawi ya mgonero. M'tauni zinthu zasintha. Amphaka ambiri akukhala m'nyumba za mpanda, ena satuluka n'komwe, ndipo eni ake amawagulira timibulu touma ta m'matumba. Mphaka wotere moyo wake wonse uli m'thumba limenelo. Chikasowa chinthu m'menemo, alibe kwina kokachipeza. Nawa mafunso amene oweta amphaka amafunsa kawirikawiri akaima kutsogolo kwa mashelufu m'sitolo.

Galu ndi mphaka onse amakonda nyama. Bwanji osangowapatsa chakudya chimodzi?

Galu amakonda nyama koma angathe kukhala ndi moyo ndi zakudya zosiyanasiyana. Mphaka sangathe. Thupi lake linazolowera kupeza zonse m'nyama, moti pali zinthu zingapo zimene nyama zina zimadzipangira zokha m'thupi koma iye satha kupanga zokwanira. Munthu akadya karoti kapena maungu, thupi limasandutsa zimene zili m'menemo kukhala vitamini A. Mphaka alibe luso limenelo, amafunika vitamini A wopangika kale, wonga wopezeka m'chiwindi. Pali mafuta ena otchedwa arachidonic acid amene ayenera kuwapeza kuchokera ku nyama. Palinso arginine, kachigawo ka mapuloteni kamene kakasowa pa chakudya cha nthawi imodzi yokha, mphaka angathe kudwala mwakayakaya pasanathe maola ochepa, chifukwa ammonia amadzadza m'magazi.

Koma chimene chinatsegula maso a opanga zakudya ndi chinthu china chopezeka m'nyama chotchedwa taurine. Mu 1975 ofufuza anaonetsa kuti mphaka wosowa taurine maso ake amawonongeka mpaka kuchita khungu. Kenako mu 1987, Paul Pion ndi anzake a pa yunivesite ya California ku Davis anapeza kuti amphaka ambiri amene ankafa ndi nthenda yofutukuka mtima n'kulephera kupopa magazi ankasowa taurine, ndipo ambiri mwa iwo ankadya zakudya zogula m'sitolo. Atawapatsa taurine, mitima ya ambiri inachira. Makampani anawonjezera taurine m'zakudya zawo ndipo nthendayi inachepa kwambiri. Chakudya cha galu sichipangidwa ndi mphaka m'maganizo, choncho mphaka akaba pang'ono m'mbale ya galu palibe chodetsa nkhawa, koma chisakhale chakudya chake cha tsiku ndi tsiku.

Ndikanyamula thumba, ndiyambire pati kuwerenga?

Litembenuzeni. Kutsogolo kuli chithunzi cha mphaka wonyezimira ndi nthuli za nkhuku zooneka zokoma, ndipo zonsezo anajambulira inuyo ogula. Zimene zimakhudza mphaka zili kumbuyo kapena m'mbali, m'tizilembo ting'onoting'ono.

Choyamba funani mawu otsimikizira kuti chakudyacho n'chokwanira pachokha. Pa matumba a ku Ulaya ndi ku Britain pamalembedwa "complete". Pakalembedwa "complementary", ndiye kuti n'chongowonjezera, sichingasunge mphaka pachokha. A ku America amalemba "complete and balanced" n'kutchula bungwe la AAFCO, limene limaika milingo ya zofunika m'zakudya za ziweto. Ku Ulaya milingo yotere imachokera ku bungwe la FEDIAF. Zakudya zambiri zimene timazipeza m'masitolo a ku Lilongwe, Blantyre ndi Lusaka zimachokera ku South Africa, kumene lamulo la Act 36 la mu 1947 limafuna kuti chakudya cha ziweto chilembetsedwe ku boma, ndipo pathumba pamakhala nambala yoyamba ndi chilembo cha V. Thumba lochokera kumeneko lopanda nambala imeneyi ndi lofunika kulikayikira.

Chachiwiri onani kuti anapangira mphaka wa msinkhu wanji. Kamwana ka mphaka, mphaka wa bere ndi woyamwitsa amafuna zambiri kuposa mphaka wamkulu wongokhala. Chakudya cholembedwa "adult" musachidalire polera tiana.

Dziwaninso kuti AAFCO siiyeza thumba lililonse ndipo siipereka chilolezo. Kampani ndi imene imanena kuti yatsatira milingoyo, ndipo njira zake ndi ziwiri. Ina ndi kusakaniza zinthu mpaka manambala agwirizane ndi milingo. Ina ndi kudyetsa amphaka enieni: amphaka osachepera 8 amadya chakudyacho chokha kwa milungu 26, ndipo 6 mwa iwo ayenera kufika kumapeto ali bwino. Amphaka 8 si ambiri, ndipo theka la chaka si moyo wonse wa mphaka, komabe kwa ine chakudya chimene chinadutsa m'mimba mwa amphaka enieni chili ndi umboni woposa chimene chinangodutsa pa kompyuta.

Pathumba alemba kuti mapuloteni ndi 30 peresenti. Zakwana?

Mulingo wochepetsetsa wa AAFCO ndi magawo 26 pa 100 alionse kwa mphaka wamkulu, ndi magawo 30 kwa tiana ndi amphaka oyamwitsa. Mafuta asachepere magawo 9, ndipo taurine m'chakudya chouma asachepere 0.1 peresenti. Koma milingo imeneyi amawerengera madzi atachotsedwa, pamene nambala ya pathumba imaphatikiza madzi. Masamu ake ndi osavuta. Ngati chinyezi ndi 10 peresenti, chouma chenicheni ndi 90. Gawani 30 ndi 90 n'kuchulukitsa ndi 100, mupeza 33. Ndiye kuti chakudyacho chadutsa mulingo. Masamu omwewa ndi amene amathandiza poyerekeza chouma ndi cha m'chitini. Chitini cholembedwa mapuloteni 10 peresenti chimaoneka chosauka, koma ngati madzi ake ndi 78 peresenti, gawani 10 ndi 22 ndipo mupeza 45. Chitinicho chili ndi mapuloteni ambiri kuposa timibulu tija.

Mulingo wochepetsetsa ndi malire otetezera mphaka ku matenda osowa zakudya. Mbewa imene akanagwira yekha ili ndi mapuloteni opitirira theka la thupi lake louma. Choncho chakudya chimene changopyola 26 pang'ono sindingachitche chabwino, ndingangoti chalowa m'gulu.

Nambalayi ilinso ndi chofooka china chachikulu. Mu labotale sayeza mapuloteni enieni. Amayeza nitrogen n'kuchulukitsa ndi 6.25, n'chifukwa chake pathumba amalemba "crude protein". Makina sasiyanitsa nitrogen wa mnofu wa nkhuku, wa nthenga kapena wa soya. Mu 2007 amalonda ena achinyengo a ku China anathira melamine, mankhwala opangira mbale za pulasitiki amene ali ndi nitrogen wochuluka, mu ufa wa tirigu ndi wa mpunga umene ankagulitsa kwa opanga zakudya za ziweto, kuti uoneke ngati uli ndi mapuloteni ambiri. Kampani ya Menu Foods ya ku Canada inabweza zitini ndi mapaketi pafupifupi 60 miliyoni m'mwezi wa Marichi chaka chimenecho, makampani enanso anatsatira, ndipo amphaka ndi agalu ambiri anafa ndi matenda a impso. Vuto lomweli linafikanso ku South Africa chaka chomwecho. Pa pepala, zakudya zonsezo zinali ndi mapuloteni okwanira. Ndiye nambala yokha siikwanira, muyenera kudziwa kumene mapuloteniwo achokera.

Ndaona "chicken" ali poyambirira pa mndandanda wa zosakaniza. Si ndiye kuti nkhuku ndi yochuluka?

Mwina, mwinanso ayi. Zosakaniza amazindandalika potengera kulemera kwake zisanaphikidwe. Nyama ya nkhuku yaiwisi pafupifupi magawo 70 pa 100 ndi madzi. Ikalowa m'makina n'kuumitsidwa, imatsala pang'ono chabe, pamene chimanga, chimene chinalowa chouma kale, chimatsala pafupifupi momwe chinalili. Nkhuku imene inali pa nambala 1 ingathe kutsikira pa nambala 4 m'timibulu timene mphaka akudya. Chifukwa cha ichi "chicken meal" kapena "poultry meal" si chinthu chochipeputsa. Ndi nyama ndi mafupa zophikidwa, zochotsedwa mafuta n'kuumitsidwa kukhala ufa, ndipo mwa kulemera kofanana muli mapuloteni ochuluka pafupifupi katatu kuposa nyama yaiwisi.

Njomba ina ndi yogawa chinthu chimodzi m'mayina angapo. Mukaona "maize", kenako "maize gluten", kenako "maize flour" kapena "maize bran", zonsezo ndi chimanga. Pachokhapachokha chilichonse chimalemera mochepera nkhuku, ndiye chimakhala m'munsi, koma mukaziphatikiza mwina n'kupeza kuti chimanga ndicho mwini thumba. Amachitanso chimodzimodzi ndi nsawawa. Werengani zinthu zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zoyambirira pamodzi, ndipo dzifunseni kuti zochokera ku nyama ndi zingati. Kampani imene imatchula nyama ndi dzina lake, nkhuku, nkhosa kapena nsomba yakutiyakuti, imakuuzani zambiri kuposa yongolemba "meat and animal derivatives", pakuti mawu amenewa amaipatsa mpata wosintha zosakaniza nthawi iliyonse malinga ndi zimene zatchipa pamsika.

Nanga "by-products"? Ndimamva kuti ndi zinyalala za kophera nyama.

Apa anthu ambiri amalakwitsa. Mawuwa amatanthauza zamkati: chiwindi, impso, mapapo, kapamba, matumbo otsukidwa. Azungu ambiri sazikonda patebulo pawo, n'chifukwa chake zinapatsidwa dzina lonyozeka. Ife amene timalimbirana chiwindi ndi nthumbwana mbuzi ikaphedwa sitiyenera kutengera maganizo amenewo. Mphaka akagwira khoswe sasankha mnofu wokha, amadya ndi zamkati zomwe, ndipo m'menemo ndi mmene muli mavitamini, ayironi ndi zina zimene mnofu uli nazo zochepa. Chofunika kusamala n'chakuti ubwino wa zamkatizi umasiyana kampani ndi kampani, ndipo zikachuluka mafupa, milomo ndi mapazi, mphaka sapindula nazo kwenikweni. Nambala ya "ash" ingakupatseni chithunzi: ndi mchere wa m'thupi umene umatsala chakudya chikawotchedwa mu labotale, ndipo ikakwera kwambiri nthawi zambiri ndiye kuti mafupa achuluka.

Komabe, musaganize kuti chiwindi chokha tsiku ndi tsiku n'chabwino. Vitamini A akachulukitsa amawononga mafupa a khosi ndi msana wa mphaka.

Thumba lalembedwa "with tuna". Muli nsomba yochuluka bwanji?

Yochepa. Ku America mawu akuti "with" amafuna 3 peresenti yokha ya chinthucho, ku Ulaya 4 peresenti. Pakalembedwa "flavour", ndiye kuti ndi kafungo chabe. Mawu ngati "premium", "gourmet" ndi "holistic" alibe lamulo lowayang'anira, aliyense angawalembe. Ndipo timibulu tofiira, tobiriwira ndi tachikasu sitikutanthauza nyama, masamba ndi tchizi. Ndi utoto, ndipo mphaka alibe nawo ntchito.

Kodi chimanga ndi tirigu n'zoipa kwa mphaka? Ndigule cholembedwa "grain free"?

Chakudya chouma chilichonse chimafuna sitachi. Popanga timibulu, phala lotentha limakanikizidwa m'makina n'kutuluka pa timabowo, ndipo sitachi ndi imene imaligwirizanitsa kuti lifufume n'kuuma osafumbutuka. Akachotsa chimanga amaikamo nsawawa, mbatatesi kapena tapioca, amene ndi ufa wa chinangwa. Zakudya zina zolembedwa "grain free" zili ndi sitachi yofanana ndi za chimanga, zina kuposa, koma mtengo wake ndi wokwera.

Mphaka alibe chosowa chenicheni cha sitachi. M'malovu ake mulibe zoyamba kuigaya monga zilili mwa munthu, ndipo ofufuza a ku Monell Chemical Senses Center ku Philadelphia anaonetsa mu 2005 kuti lilime lake silimva n'komwe kutsekemera. Komabe sitachi yophikidwa bwino amaigaya bwinobwino, ndipo amphaka amene thupi lawo limadana ndi zakudya zina nthawi zambiri amadana ndi ng'ombe, nsomba kapena nkhuku, osati chimanga. Funso lenileni ndi kuchuluka kwake, ndipo nambalayi makampani ambiri salemba. Mungaipeze nokha. Phatikizani mapuloteni, mafuta, "fibre", chinyezi ndi "ash", n'kuchotsa pa 100. Thumba la mapuloteni 30, mafuta 12, fibre 3, chinyezi 10 ndi ash 8 likupereka 63, ndiye kuti pafupifupi 37 peresenti ndi sitachi. Yerekezani matumba awiri kapena atatu mwa njira imeneyi muli m'sitolo momwemo, foni yanu ili ndi kakyuleta. Lomwe sitachi yachepa ndipo nyama yachuluka ndilo loyandikira zimene mphaka analengedwera kudya. Izi n'zofunika kwambiri kwa mphaka wonenepa kapena wodwala shuga.

Chakudya chabwino chingawonongeke chisanafike m'mbale?

Kwambiri, ndipo kwathu kuno nkhaniyi ndi yaikulu kuposa mmene olemba a kumayiko ozizira amaitengera. Timibulu timapopedwa mafuta kunja kwake kuti tinunkhire bwino kwa mphaka. Mafuta amenewa akakumana ndi mpweya ndi kutentha kwa mwezi wa Okutobala amayamba kununkha moipa, ndipo mavitamini, makamaka thiamine, amachepa pang'onopang'ono. Thumba limene layenda ulendo wautali pa lole, n'kukhalitsa pa shelufu yowombedwa dzuwa, silofanana ndi mmene linatulukira ku fakitale. Onani tsiku lothera ntchito, onani ngati thumba silinabooke, ndipo mukatsegula nunkhizani.

Choopsa kwambiri ndi chuku. Mlimi aliyense wa mtedza ndi chimanga amachidziwa. Poizoni wake, aflatoxin, satha ndi kuphika ndipo amawononga chiwindi. Mu 2011 agalu oposa 200 anafa m'chigawo cha Gauteng ku South Africa atadya chakudya chogula chokhala ndi poizoniyu. Mu Ogasiti 2024 boma la Zambia linalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa chifukwa cha chimanga chokhala ndi aflatoxin. Amene anafa anali agalu, koma chiwindi cha mphaka nacho sichitetezeka kwa poizoni ameneyu. N'chifukwa chake sindilimbikitsa kugula timibulu topimidwa m'majumbo opanda dzina, ngakhale titatchipa bwanji. Simudziwa amene anapanga, tsiku limene anapanga, kapena kumene tinasungidwa m'nyengo ya dzinja.

Kunyumba sungani chakudya m'thumba lake lomwelo, pindani kukamwa n'kumanga, ndipo ikani thumbalo m'ndowa ya chivundikiro pamalo ozizira, osati pansi pa simenti ponyowa. Gulani thumba loti litha m'mwezi umodzi kapena kupitirira pang'ono. Thumba lalikulu limaoneka lotchipa, koma mphaka mmodzi salimaliza lisanawonongeke.

Mphaka wanga samwa madzi kawirikawiri. Zikukhudzana ndi chakudya?

Ichi ndicho chofooka cha chakudya chouma chilichonse, chodula ndi chotchipa chomwe. Kholo la amphaka oweta ndi mphaka wa m'tchire wa kumadera ouma a kumpoto kwa Africa ndi Middle East, amene madzi ambiri ankawapeza m'nyama zimene wagwira. Mbewa ndi madzi pafupifupi magawo 70 pa 100, pamene timibulu tili ndi magawo 10 kapena kucheperapo. Mphaka wodya timibulu amamwa madzi ndithu, koma nthawi zambiri safika pobweza onse amene akusowa, ndiye mkodzo wake umakhala wokhathamira. Mphaka wa makilogalamu 4 amafuna madzi pafupifupi kapu imodzi pa tsiku. Ikani mbale za madzi m'malo awiri kapena atatu, patali ndi chakudya ndi pamene amadzithandizira, ndipo sinthani madziwo tsiku lililonse. Ngati mungakwanitse, mupatseni chakudya chonyowa kamodzi pa tsiku.

Samalani kwambiri ndi mphaka wamphongo. Njira yake ya mkodzo ndi yopapatiza ndipo ingathe kutsekeka ndi timiyala. Mukamuona akupita kokodza pafupipafupi, akudzikakamiza, akulira koma osatulutsa kanthu, musadikire kuti kuche kawiri. Thamangirani kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo, chifukwa m'masiku awiri kapena atatu angathe kufa.

Ndiye chodula ndicho chabwino?

Osati nthawi zonse, ngakhale chotchipa kwambiri sichingakhale ndi nyama yambiri, pakuti nyama ndi yodula kulikonse. Werengerani mtengo wa pa tsiku, osati wa thumba. Ngati malangizo a thumba lina akuti mphaka wanu adye magalamu 50 pa tsiku ndipo lina likuti 80, makilogalamu 2 a loyamba atha masiku 40 pamene a lachiwiri atha masiku 25. Bungwe la madokotala a ziweto zazing'ono padziko lonse, WSAVA, limalangiza kufunsa ngati kampani ili ndi katswiri wophunzira za kadyedwe ka ziweto, ngati imayeza zosakaniza ndi chakudya chomalizidwa, ndiponso ngati ingakuuzeni nambala iliyonse imene mwafunsa. Pathumba payenera kukhala adiresi kapena nambala ya foni. Kampani yobisala ndi yosayenera ndalama zanu.

Ndingawonjezere nsima, usipa kapena mkaka?

Kachidutswa ka nkhuku kapena nsomba yophika kopanda mchere palibe vuto, bola zowonjezera zonse zisapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a chakudya cha tsikulo. Nsima imangodzaza mimba. Mkaka wa ng'ombe umatsegula m'mimba amphaka ambiri akuluakulu. Ndiwo zotsala za patebulo zimakhala ndi anyezi, nthawi zina adyo, ndipo zonsezi zimawononga magazi a mphaka.

Ndidziwa bwanji kuti chimene ndasankha chikumuyanja?

Kukonda kokha si umboni, chifukwa mafuta ndi fungo lopopera kunja zingachititse mphaka kukonda chakudya chosauka. Mupatseni milungu 6 mpaka 8, kenako muyang'anitsitseni. Ubweya ukhale wosalala, wosathothoka mwachilendo, khungu lopanda mfundu. Chimbudzi chikhale cholimba bwino ndi chochepa. Chikachuluka, kufewa ndi kununkha kwambiri, ndiye kuti chakudya chambiri chikungodutsa osagayika. Musanaweruze chakudya, onetsetsani kuti anamwa mankhwala a njoka za m'mimba, chifukwa nazo zimabweretsa zizindikiro zomwezi.

Kenako mugwireni. Yendetsani zala m'mbali mwa chifuwa chake. Nthiti zizimveka mosavuta pansi pa mafuta ochepa, koma zisaoneke ndi maso. Mukamuyang'ana kuchokera pamwamba, kumbuyo kwa nthiti kuzioneka kolowa pang'ono. Ngati mukufunika kudinikiza kuti mumve nthiti, wanenepa, ndipo ili ndilo vuto lofala kwambiri mwa amphaka a timibulu, makamaka ofulidwa ndi osatuluka panja. Timibulu tili ndi mphamvu zambiri m'kachinthu kochepa, moti mphaka wa makilogalamu 4 nthawi zambiri amakwanira ndi magalamu 50 mpaka 65 pa tsiku. Pimani pa sikelo ya kukhitchini m'malo mongodzaza mbale ikatha.

Mukafuna kusintha chakudya, chitani pang'onopang'ono kwa masiku 7 mpaka 10, kusakaniza chatsopano ndi chakale n'kumawonjezera chatsopanocho. Akakana, musamuumirize ndi njala poganiza kuti akatopa adya yekha. Mphaka, makamaka wonenepa, akakhala masiku angapo osadya, mafuta amadzadza m'chiwindi ndipo nthendayo ndi yakupha. Bwererani ku chakudya chakale, ndipo akakanabe kudya kwa masiku awiri, mutengereni kwa dokotala.